Thukuta Lozizira M'mwezi wa Okutobala

Bambo anga samwa mowa, ndipo aliyense amene amawadziwa kwathu ku Ntcheu akhoza kuchitira umboni. Komabe pa maliro a azakhali awo, anthu amene anali chilili kumanda anayamba kunong'onezana kuti mkulu wa mpingo uja lero walawa kachasu, ndipo ine mwana wawo ndinasowa choyankha, chifukwa zimene maso anga ankaona zinkafanana ndithu ndi zimene anthuwo ankanena. Papita zaka, koma tsiku limenelo silinandichoke m'mutu. Ndilo linandiyambitsa kufunsa ndi kuwerenga za mmene thupi limadziyendetsera lokha, mwini wake asakudziwa.

## Kumanda

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bambo anachezera pa siwa usiku wonse akutsogolera nyimbo, ndipo kutacha anabaya jakisoni wawo wa shuga monga mwa masiku onse, namwa tiyi ndi kachidutswa ka mbatata yophika, pokhulupirira kuti nsima ya pamaliro ifika pa nthawi yake. Koma adzukulu anakumana ndi thanthwe pokumba, nayambanso manda ena pambali, kotero mwambo wonse unachedwa. Amayi ophika anauzidwa kuti chakudya chigawidwe anthu akabwerako kumanda. Tinanyamuka dzuwa litapendeka kale, ndipo njira ya kumanda kwathu ndi yokwera mtunda.

Poyamba sizinaoneke ngati matenda. Bambo anayambitsa nyimbo imene inali itaimbidwa kale, naisiyira pakati. Anyakwawa atawapempha kuti asunthire pamthunzi, anawayankha mwaukali ndi mawu amene sindinawamvepo akutuluka pakamwa pawo chibadwire. Buku la nyimbo linkagwedezeka m'manja mwawo, ndipo poyesa kuliika m'thumba la jekete ankaphonya thumbalo. Amayi anawagwira dzanja nati, "Abambo, kodi mwatani?" Iwo anangowayang'ana osawazindikira.

Amene anatithandiza ndi mayi ena achikulire a m'mudzi woyandikana nawo, amene anagwirapo ntchito ya unamwino asanapume. Za mowa sanafunse n'komwe. Anayandikira, nagwira bambo pamphumi ndi pakhosi, kenaka anatembenukira kwa ine. "Mwanangu, bambo anuwa amadwala shuga? Abaya lero? Nanga adya chiyani?" Nditayankha, anatenga dzanja langa naliika pa mkono wa bambo kuti ndidzimvere ndekha. Tonse tinali thukuta lokhalokha chifukwa cha dzuwa, koma lathu linali lotentha. Khungu la bambo linali lonyowa ndiponso lozizira, malaya atamatirira kumsana, nkhope itatuwa, ndipo mtsempha wa padzanja unkagunda mothamanga.

Anawakhazika pansi pa mtengo, nawafunsa mokweza ngati angathe kumeza, ndipo ataona kuti akumeza malovu bwinobwino anatuma mnyamata kuti athamangire kwa amayi ophika aja. Mnyamatayo anabwera ndi shuga wa m'pepala ndi kapu ya pulasitiki. Apa m'pamene achibale ena anadzuka. "Mukuwapatsa shuga odwala shuga? Muwapha!" anatero malume ena, ndipo ambiri anavomereza, pakuti kwa zaka zonsezi banja lonse linkadziwa lamulo limodzi lokha, lakuti bambo asakhudze chotsekemera. Mayi aja sanatsutsane ndi munthu. Anasungunula masupuni aang'ono anayi m'madzi, nawamwetsa pang'onopang'ono, kapuyo atagwira okha. Pasanathe mphindi zambiri maso a bambo anabwerera, ndipo mawu awo oyamba anali ofunsa ngati maliro aikidwa kale. Za anyakwawa sankakumbukira kanthu. Mayi aja anaitanitsanso nthochi ndi ntanda wa nsima, ponena kuti jakisoni akadali m'thupi ndipo shuga wa m'madzi sachedwa kutha.

Potsanzikana anandikokera pambali nati, "Thukutali musadane nalo. Si matenda ayi, ndi thupi lawo likuitana anthu. Tsiku limene lidzasiye kubwera, m'pamene mudzaope."

## Supuni imodzi m'magazi onse

Chimene chinandidabwitsa poyamba ndi kuchepa kwa shuga amene tikukambayu. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5, ndipo shuga yense amene amayenda m'magaziwo pa nthawi imodzi, munthuyo ali bwino, ndi magalamu 4 kapena 5 okha, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi. Pa kamakina koyezera, munthu asanadye, nambala imakhala pakati pa 4 ndi 6, kapena pakati pa 70 ndi 100 pa makina amene amawerenga mwa muyezo wina uja. Mbale imodzi ya nsima ikagayika m'mimba imatulutsa shuga woposa supuni imeneyi maulendo ambirimbiri, komabe mwa munthu wosadwala nambalayo imangokwera pang'ono n'kubwerera pasanathe maola awiri kapena atatu. Munthu yemweyo akalawirira kumunda osadya, nalima mpaka masana, nambalayo siigwa.

Chifukwa chimene thupi limaumirira chotere ndi ubongo. Kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa 100 a thupi lonse, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akupuma, ndipo chakudya chake chachikulu ndi shuga, magalamu pafupifupi 120 pa tsiku. Minofu ikhoza kutembenukira ku mafuta, koma ubongo sungachite zimenezi mwadzidzidzi, ndiponso susunga shuga wokwanira kuufikitsa patali. Shuga akachuluka m'magazi amawononga maso, impso ndi mapazi pa zaka zambiri. Akachepa kwambiri, munthu amakomoka tsiku lomwelo.

Woyamba kuona bwino dongosolo limeneli anali Claude Bernard wa ku France, amene m'zaka za m'ma 1850 anapeza kuti chiwindi chimasunga shuga ndi kumamutulutsa pang'onopang'ono, ndipo anaphunzitsa kuti moyo umadalira kuti m'kati mwa thupi musamasinthesinthe ngakhale kunja kukusintha. Walter Cannon wa ku Harvard anapitiriza ganizoli m'zaka za m'ma 1920. Si shuga yekha amene amasungidwa pa muyezo wake. Kutentha kwa thupi kumakhala cha pa madigiri 37 kaya munthu ali ku Nsanje m'chilimwe kapena ku Dedza mu Juni, ndipo madzi, mchere ndi kuthamanga kwa magazi nazonso zili ndi malire ake. Paliponse njira ndi yomweyo: pali chimene chimamva kuti muyezo wasuntha, pali uthenga umene umatumizidwa, pali chiwalo chimene chimayankha, ndipo muyezo ukabwerera uthengawo umazima wokha.

## Amithenga awiri

Uthengawo umayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mitsempha ya uthenga, imene imachokera ku ubongo ndi msana n'kufika pa chiwalo chenicheni chimene ikufuna. Mu mitsempha yofulumira kwambiri uthenga umathamanga mamita oposa 100 pa sekondi, ndipo ntchito ikatha umathera pomwepo. Yambiri mwa mitsemphayi sitiilamulira ndi maganizo athu. Munthu akadzuka mwachangu pa mphasa, magazi amatsikira kumiyendo, tizigawo tomva kuthamanga kwa magazi m'mitsempha ya m'khosi timazindikira zimenezi, ndipo mtima usanagunde kangapo amakhala kuti walamulidwa kale kufulumira, mitsempha ya magazi itafinyika. Zikachedwa pang'ono m'pamene timaona chizungulire.

Njira yachiwiri ndi mahomoni. Awa ndi timadzi timene tiziwalo tina timathira m'magazi, ndipo magaziwo amawafikitsa paliponse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Amachedwerapo poyerekeza ndi mitsempha, koma ntchito yake imakhalitsa, mphindi, maola, ena masiku. Funso langa linali lakuti ngati afika paliponse, chifukwa chiyani si ziwalo zonse zimene zimayankha. Ndinazimvetsa nditakumbukira mauthenga a maliro a pa wailesi, amene agogo ankatiletsa phokoso akayamba. Dziko lonse limamva dzina la womwalirayo, koma amene amadzuka n'kuyamba kulongedza ndi abale ake okha. Maselo nawonso amayankha homoni pokhapokha ngati ali ndi polandirira pake, ndipo ena onse amangoiona ikudutsa.

Kale akatswiri ankaganiza kuti mitsempha ndiyo imayendetsa zonse. Mu 1902, ku London, William Bayliss ndi Ernest Starling anadula mitsempha ya uthenga yopita ku chigawo cha matumbo a galu, nathiramo asidi, ndipo kapamba anatulutsabe madzi ake ogayira chakudya. Uthenga unali utayenda m'magazi. Mu 1921, ku Graz, Otto Loewi anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi pogwiritsa ntchito mitima iwiri ya achule: atachedwetsa mtima woyamba kudzera mu mtsempha wake, anatenga madzi amene mtimawo unalimo nawathira pa wachiwiri, ndipo nawonso unachedwa. Ndiye kuti mtsempha nawo, pofika kumapeto kwake, umalankhula potulutsa timadzi. Malire a njira ziwirizi si okhwima monga mabuku a kusekondale amajambulira. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono, ndipo m'kati mwenimweni mwa kachiwaloko muli maselo a mtundu wa mitsempha amene, akalandira lamulo kuchokera ku ubongo, amathira m'magazi homoni yofulumizitsa mtima yotchedwa adrenaline. Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamamva kutentha, madzi ndi shuga wa m'magazi, ndipo kamayankha m'njira zonse ziwiri.

## Zimene zinkachitika m'kati mwa bambo

Kapamba ali kuseri kwa chifu, ndipo mbali yake yaikulu imapanga madzi ogayira chakudya. Koma m'kati mwake muli timagulu ta maselo tomwazikana, pafupifupi miliyoni imodzi, timene Paul Langerhans anationa mu 1869 ali wophunzira ku Berlin, osadziwa ntchito yake. Maselo ena m'timagulumo amatulutsa insulin shuga akakwera, ndipo insulin amachititsa minofu ndi mafuta kulandira shugayo, chiwindi n'kumusunga. Maselo ena oyandikana nawo amatulutsa glucagon shuga akatsika, ndipo glucagon amalamula chiwindi kuti chitulutse zimene chinasunga. Maselowa sadikira lamulo la ubongo. Amamva okha kuchuluka kwa shuga m'magazi amene akuwadutsa, usana ndi usiku.

Mwa munthu wosadwala, shuga akayamba kutsika, chitetezo chimabwera motsatana. Choyamba, nambala isanafike n'komwe pa 4, kapamba amachepetsa insulin. Ikatsikira pansi pa 4, glucagon amatuluka, ndipo adrenaline amatsatira, amene amakakamiza chiwindi kutulutsa shuga ndi kuletsa minofu kumutenga wambiri. Vuto likapitirira kwa maola, mahomoni ena awiri, cortisol komanso homoni ya kukula, amalowererapo. Zonsezi zimayamba munthu asanamve kanthu. Zizindikiro zimene timaziona zimabwera pambuyo, nambala ikamayandikira 3, ndipo ikatsika kuposa pamenepo ubongo umayamba kulephera.

Nditadziwa zimenezi ndinatha kugawa pawiri zimene ndinaona tsiku lija. Kunjenjemera kwa manja, kuthamanga kwa mtima ndi kutuwa kwa nkhope zinali ntchito ya adrenaline ndi mitsempha yogwirizana naye, imene imafinya mitsempha ya magazi ya pakhungu. Thukuta linatuluka chifukwa ubongo unalamula tiziwalo ta thukuta kudzera m'mitsempha, osati chifukwa thupi linatentha, ndipo popeza magazi anali atachepa pakhungupo, linazizira. Thukuta la dzuwa limabwera khungu litadzaza magazi otentha amene thupi likufuna kuziziritsa, n'chifukwa chake dzanja la namwino uja linasiyanitsa ziwirizi msanga. Zimenezi zinali chenjezo, zoti munthu amve kuti chinachake chalakwika, afunefune chakudya. Koma mawu aukali aja, kuiwala nyimbo, kuphonya thumba ndi kusazindikira amayi sizinali chenjezo. Unali ubongo umene wayamba kale kusowa chakudya, ndipo choyamba kufooka mwa munthu wotere ndi nzeru yomweyo imene ikanamuuza kuti adye.

Nanga chitetezo chija chinalephera bwanji? Choyamba chija, chochepetsa insulin, bambo analibe, pakuti insulin wawo sankachokera mu kapamba. Anali pansi pa khungu la pamimba pamene anabaya m'mawa, akulowa m'magazi pa liwiro lakelake, ndipo kutentha kumafulumizitsa kulowako. Chachiwiri, cha glucagon, chimafooka mwa anthu amene adwala shuga zaka zambiri. Chiwindi chinali ndi zochepa chifukwa cha usiku wa pa siwa, ndipo minofu ya miyendo pokwera mtunda inkatenga shuga wotsalayo. Chimene chinatsala ndi adrenaline ndi mitsempha basi.

## Jakisoni samva

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunyoza jakisoni, pakuti popanda iye bambo bwenzi kulibe. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu, ndipo galuyo anadwala shuga. Panapita zaka zoposa 30 kuti chinthu chosowacho chipezeke. Frederick Banting ndi Charles Best anachitulutsa mu kapamba ku Toronto mu 1921, James Collip anachiyeretsa, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kuthandizidwa nacho. Isanafike nthawi imeneyo mwana wopezeka ndi shuga sankakhala nthawi yaitali. Bambo amasunga botolo lawo mu kamtsuko konyowa pakona pa chipinda chifukwa magetsi ndi osadalirika, ndipo amalisamala koposa foni.

Koma pali kusiyana kumene ndimaona kuti sitimauzana mokwanira. Kapamba amatulutsa insulin pang'onopang'ono, mphindi zingapo zilizonse, molingana ndi zimene wamva m'magazi, ndipo insulin ameneyo sakhalitsa: pakatha mphindi pafupifupi zisanu theka lake limakhala litachotsedwa. Choncho kapamba akasiya kutulutsa, lamulolo limazima msanga. Jakisoni ndi chigamulo chimene munthu amachipanga m'mawa, poyerekeza mmene tsikulo liyendere. Insulin woyera ngati mkaka uja, amene bambo amamupukusa m'manja asanabaye, amafika pachimake patapita maola angapo ndipo amagwirabe ntchito kupitirira theka la tsiku. Sadziwa kuti adzukulu apeza thanthwe, kuti basi yafera panjira, kapena kuti msonkhano wa mpingo watalika. Amalamula koma samva, ndipo akalowa sabwezedwa.

Mapiritsi ena ali ndi khalidwe lofananako. Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulin kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo mwa okalamba ndi amene impso zawo zafooka akhoza kutsitsa shuga kwa maola ambiri, kotero kuti munthu amatsitsimuka ndi madzi a shuga n'kugwanso madzulo. Metformin payekha sachita zimenezi kawirikawiri, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa.

Apa m'pamene maganizo anga pa matendawa anasinthira. Kwathu wodwala shuga timamulondera ngati wakuba. Timamulanda Fanta paukwati, timamuwerengera mitanda ya nsima, ndipo timadziona ngati tamuthandiza. Malume aja kumanda sankafuna zoipa. Ankatsatira theka la phunziro limene tonse tinalandira. Theka linalo ndi lakuti munthu amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a mtundu uja wataya mbali ya thupi imene inkamva, ndipo ntchito yakumvayo tsopano yagwera iye mwini ndi anthu okhala naye. Kufunsa kuti "Mwadya?" kuli ndi phindu lofanana ndi kunena kuti "Musadye icho."

## Ludzu ndi nyerere

Mbali inayo, ya shuga wokwera, tinaiona kale matendawa akuyamba, ndipo nayonso ndi nkhani ya thupi loyesa kudzikonza. Bambo ankamwa madzi osakhuta, ankadzuka usiku kangapo kukataya madzi, ankaonda akudya bwino, ndipo amayi ndi amene anaona nyerere zitaunjikana pamene anakodza kuseri kwa bafa. Impso zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, n'kubwezera pafupifupi onse m'magazi pamodzi ndi shuga amene anatuluka nawo. Koma nambala ikapitirira cha pa 10, impso zimalephera kubweza shuga yense, wotsalayo amapita mu mkodzo, ndipo amakoka madzi popita. Hypothalamus ikamva kuti magazi akuuma imabweretsa ludzu, imenenso ndi ntchito ya mitsempha, ndipo imatumiza homoni yopempha impso kuti zisunge madzi. Munthu amamwa, shuga n'kutulutsanso madziwo. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 pa 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malawi anali ndi shuga wokwera, kotero ludzu lotereli lili m'makomo ambiri, ndipo m'mwezi wotentha n'kosavuta kulinamizira dzuwa.

## Thukuta likasiya kubwera

Chenjezo la namwino uja ndinalimvetsa mochedwerapo. Ubongo umazolowera. Munthu akatsikidwa shuga kawirikawiri, ngakhale pang'ono, ngakhale ali mtulo osadziwa, ubongo umatsitsa malire amene umayambira kuchenjeza. Ulendo wotsatira adrenaline amatuluka wochepa ndiponso mochedwa, kunjenjemera ndi thukuta sizibwera pa 3 paja, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala kusokonezeka kumene, pamene munthuyo sangathenso kudzithandiza. Kutsika kulikonse kumakonzera njira kutsika kotsatira. Ukalamba nawo umafooketsa zizindikirozi, ndipo tulo timazifooketsanso, n'chifukwa chake usiku ndi woopsa.

Mankhwala ena a BP, monga propranolol ndi atenolol, amatseka polandirira adrenaline pa mtima, kotero kuthamanga kwa mtima sikumveka, ndipo kunjenjemera nakonso kukhoza kubisika. Thukuta lokha limatsala, chifukwa mitsempha ya thukuta imalankhula ndi timadzi ta mtundu wina, acetylcholine, timene mankhwalawa satikhudza. Popeza ambiri odwala shuga amadwalanso BP, iyi ndi nkhani yofunika kufunsa kuchipatala, osati kusiya mankhwala pawekha.

Za kachasu zija zili ndi mbali yake yoona imene anong'onezi sankaidziwa. Mowa umalepheretsa chiwindi kupanga shuga watsopano, kotero munthu amene wamwa kwambiri osadya akhoza kutsikidwa shuga ngakhale sadwala matendawa, ndipo anzake amamusiya kuti agone uthe. Malungo aakulu amachitanso zomwezo makamaka mwa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo quinine amawonjezera vutoli pokakamiza kapamba kutulutsa insulin. N'chifukwa chake mwana wokomoka ndi malungo akafika kuchipatala amamuyeza shuga msangamsanga. Munthu akakomoka, kapena akalephera kumeza, madzi a shuga samwetsedwa chifukwa akhoza kulowa m'mapapo. Amagonekedwa cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala, kumene shuga amaperekedwa kudzera mu mtsempha. Amene akumeza amapatsidwa magalamu pafupifupi 15, masupuni aang'ono atatu kapena anayi, n'kubwereza pakatha mphindi 15 ngati sanasinthe, kenaka chakudya chenicheni.

Chosangalatsa n'chakuti kuzolowera kumeneku kumabwezeka. Munthu akapewa kutsikidwa shuga kwa masabata angapo, ubongo umakwezanso malire aja ndipo zizindikiro zimabwerera. Koma kuti zimenezi zitheke ayenera kulola manambala okwererapo kwa kanthawi, ndipo apa m'pamene ine ndi bambo timasiyana.

## Mkangano wa manambala

Bambo ndi munthu wa dongosolo. Ali ndi kope limene amalembamo nambala iliyonse ndi cholembera chabuluu, tsiku kumanzere, nambala kumanja, ndipo amanyadira akaona mzere wa ma 5 wotsatizana. Kwa iwo nambala yotsika ndi umboni wa munthu wodziletsa. Patapita nthawi chichitikire za kumanda zija, amayi anayamba kupeza pilo atanyowa m'mawa, bambo akudandaula mutu ndi maloto oipa. Titanena zimenezi kuchipatala, dokotala anayang'ana kopelo, nafunsa za chakudya cha madzulo, ndipo anachepetsa jakisoni wa usiku. Anafotokoza kuti pa msinkhu wa bambo, kukomoka kamodzi n'kugwa, kapena mtima kudzidzimutsidwa ndi adrenaline pakati pa usiku, ndi koopsa kuposa nambala yokwererapo pang'ono.

Bambo anavomera pamaso pa dokotala, koma titatuluka anandiuza kuti, "Mwana wanga, awa akufuna kuti matenda andizolowere." Tsopano m'kope muli ma 7 ndi ma 8, ndipo amawalemba monyinyirika. Pilo sanyowanso. Masiwiti atatu amakhala m'thumba la jekete, ndipo amayi amawasintha akasungunuka. A mpingo anauzidwa, ndipo pa masiku osala kudya abusa amawauza poyera kuti iwo asasale, chinthu chimene chimawachititsa manyazi kuposa matendawo.

Chimene sitinagwirizanebe ndi timapepala toyezera. Ndi todula, ndipo kabotolo kamodzi kamayenera kufika kumapeto a mwezi, kotero sangayeze nthawi iliyonse imene afuna. Iwo amafuna kuyeza m'mawa asanadye, pamene nambala imaoneka bwino m'kope ndiponso ndi imene kuchipatala amafunsa. Ine ndimati tina tizisungidwa kuti ayeze masana asanakwere njinga kupita kudimba, kapena asanagone pa tsiku limene adya pang'ono, chifukwa nambala ya m'mawa siinena chimene chinachitika pakati pa usiku kapena chimene jakisoni achite dzuwa likafika paliwombo. Amati ndikuwawonongera timapepala pa mantha. Mwezi uno ndatumiza timabotolo tiwiri, kena ndalemba dzina la amayi pachivindikiro, ndipo ndi iwo amene azisankha nthawi yokagwiritsa ntchito.